X-ray ya pachifuwa yabwera, kodi ndilembe AF?

Namwino wa ku Highfield, ku Harare:
Adokotala, ndili ndi mayi wazaka 32, akupuma mobanika, mtima ukugunda mosalongosoka, ka 130 pa mphindi. X-ray ya pachifuwa ikuonetsa mtima waukulu. Ndilembe kuti ndi AF (atrial fibrillation, nthenda yogunditsa mtima mosalongosoka)?

Dokotala wa mtima:
Dikirani kaye achemwali. X-ray sionetsa kagundidwe ka mtima. AF timaitsimikiza ndi ECG (kuyeza kojambula kagundidwe ka mtima) ya ma lead 12, kapena kujambula kagundidweko kwa masekondi 30: ma P wave (timafunde totsogolera kugunda kulikonse) palibe, mpata wa pakati pa ma R (nsonga zazitali za pa ECG) ukusinthasintha. X-ray imangotithandiza kupeza chimene chayambitsa vutolo.

Wojambula X-ray:
Anajambulidwa ataimirira kapena ali gone pabedi? Pa AP ya pabedi (kujambula kuchokera kutsogolo, filimu ili kumsana) mtima umaoneka waukulu ngakhale uli bwinobwino, chifukwa umatalikirana ndi filimu. Lamulo loti mtima usapitirire theka la m'lifupi mwa chifuwa limagwira pa PA yokha (kujambula kuchokera kumsana, filimu ili pachifuwa), munthu atakoka mpweya mokwanira.

Namwino wa ku Highfield:
Ndi PA achimwene, anaimirira. ECG tachita tsopano, ma P wave palibedi.

Dokotala wa mtima:
Ndiye ndi AF. Bwererani ku filimu ija. Pa msinkhu umenewu, kwathu kuno, ganizirani msanga za mitral stenosis (kuchepa kwa valavu, kachitseko ka pakati pa zipinda zakumanzere za mtima) yobwera ndi rheumatic heart disease (kuwonongeka kwa mavalavu chifukwa cha rheumatic fever). Yang'anani mizere iwiri m'mphepete mwa mtima chakumanja, mbali yakumanzere yowongoka, ndi mphanda ya kholingo yotambasuka kuposa madigiri 90. Zonsezi zikutanthauza kuti left atrium, chipinda cham'mwamba chakumanzere cha mtima, yakula. Mukaona timizere ta Kerley B pansi m'mbali mwa mapapo, ndiye kuti madzi alowa m'mapapo: yambani ndi furosemide (mankhwala ochotsa madzi m'thupi), beta-blocker (mankhwala ochepetsa liwiro la mtima) musathamangire. Mtima ukakhala wozungulira ngati mtsuko, ganizirani madzi m'thumba la mtima, ndipo TB musaiiwale.

Filimu ikaoneka yabwino musakhazikike mtima pansi, siingathe kuyeza valavu. Mtumizeni ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa akapange echo (sikani ya mtima), magazi a TSH (oyezera chithokomiro) atengedwenso.

Namwino wa ku Highfield:
Nanga mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipereke rivaroxaban?

Dokotala wa mtima:
Ayi. Ngati echo yapeza kuti valavu yachepa kwambiri, mankhwala ake ndi warfarin, INR (muyeso wa kaundanidwe ka magazi) izikhala pakati pa 2 ndi 3. Kafukufuku wa INVICTUS wa 2022 anapeza kuti pa AF ya rheumatic, omwa rivaroxaban ankamwalira ambiri kuposa omwa mankhwala a gulu la warfarin. Koma chonde muyezeni kaye ngati ali woyembekezera, chifukwa warfarin amavulaza mwana m'mimba.