Ndani anapangapo makabati a m'ngolo ndi mafelemu a aluminiyamu?

Abale anga a kuno ku Harare, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kangolo kokoka ndi galimoto komwe timagonamo tikamapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Makabati omwe ndinakhoma ndi chipboard sanalimbe. Ulendo umodzi wokha misomali inazuka, chitseko chinagwa, mapoto a mayi a kunyumba ali mbwee pansi.

Pano ndikufuna mafelemu a aluminiyamu, aja okhala ndi ngalande mbali zonse zinayi, omanga ndi mabawuti osawotcherera. Kodi a 20 mm angakwane, kapena ndigule a 30 mm? Kabati imodzi izinyamula batire ndi chigubu cha madzi cha malita 20, ndiye ndikuopa kuti ang'onowo angapindike. Komanso sindikufuna katundu wolemera, galimoto yanga ndi yaing'ono.

Nanga mabawutiwo samasuka ndi mabampu? Ena akuti ndipake guluu wa mabawuti, ena akuti mawashala basi. Ndipo plywood ya 6 mm ikalowa m'ngalandemo, sichita phokoso poyenda?

Ku Magaba ndazungulira mpaka miyendo kuwawa, ndangopeza aluminiyamu wa mawindo. Amene mukudziwa kogula, kaya ku Msasa kaya ku Graniteside, chonde ndilozereni.