Asayimenti ya zotsatsa malonda ija ndinapereka

Zikomo nonse amene munandiyankha pomwe ndinafunsa za koyambira asayimenti younika zotsatsa malonda. Ambiri munati ndisiye kufufuza za kunja pa intaneti, ndione zomwe zili pakhomo pompano. Ndinatsatira amenewo.

Loweruka ndinakwera minibasi kuchoka ku Nchalo mpaka ku Ngabu, kujambula magolosale a m'mbali mwa M1, ofiira a Airtel ndi obiriwira a TNM. Dzuwa la kuno mukulidziwa, utoto wina unachita kusuwa mpaka mawu osawerengeka, koma anthu amadziwabe komwe kuli Mpamba poona mtundu wokha. Mfundo yaikulu ya pepala langa inachokera pamenepo. Mayi wina wogulitsa nsomba anandiuza m'Chisena kuti zikwangwani sawerenga, amangomvera wayilesi ndi achibale. Ameneyo anandipatsa ndime yonse.

Aphunzitsi anakondwa, koma anandidula malikisi chifukwa sindinalembe tsiku ndi malo pa chithunzi chilichonse. Lembani pomwepo, musadalire mutu. Komanso pemphani kaye musanajambule sitolo ya munthu; bambo wina anatsala pang'ono kundilanda foni, ankaganiza kuti ndatumidwa ndi a msonkho.