Kodi chiphunzitso cha ku China cha zaka 7 ndi 8 chingatithandize kukalamba ndi thanzi?

Naphiri wafunsa:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa za mankhwala a makolo a ku China. Ine ndili ndi zaka 46, ndipo bambo anga, omwe amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, ali ndi zaka 73. Wogulitsa zitsamba wina wandiuza kuti asing'anga a ku China amagawa moyo wa mkazi m'zigawo za zaka 7, wa mwamuna m'zigawo za zaka 8, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mankhwala ake oti munthu asakalambe msanga. Ine wandisonyeza makapisozi a he shou wu, omwe akuti amadetsanso imvi, pomwe bambo wawasankhira tiyi wosakaniza mizu yosiyanasiyana. Kodi chiphunzitso chimenechi chilipodi, nanga chimalamuladi kumwa mankhwala pa msinkhu uliwonse?

Mbewe wayankha:

Mayi Naphiri, chiphunzitsocho chilipodi, ndipo chili m'mutu woyamba wa gawo lotchedwa Suwen m'buku la Huangdi Neijing, lomwe linasonkhanitsidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo m'nthawi ya ufumu wa Han. Bukulo limati mtsikana amagulula mano ali ndi zaka 7, amatha msinkhu pa zaka 14, amafika pachimake cha mphamvu pa zaka 28, nkhope imayamba kufota ndiponso tsitsi kuthothoka pa zaka 35, imvi zimatuluka pa zaka 42, ndipo pa zaka 49 amasiya kusamba. Za mwamuna limati amatha msinkhu pa zaka 16, amakhwima thupi pa zaka 32, amayamba kutsika pa zaka 40, ndipo pofika zaka 64 mano ndi tsitsi zimakhala zikupita. Olembawo ankati zonsezi zimayendetsedwa ndi mphamvu yobadwa nayo yotchedwa jing, imene imasungidwa mu impso ndipo imatha pang'onopang'ono. Musachite mantha wina akakuuzani kuti impso zanu zafooka, pakuti impso za m'chiphunzitsochi zikutanthauza ntchito za kukula, kubereka ndi kulimba kwa mafupa, osati kwenikweni chiwalo chimene amachiyeza kuchipatala.

Chimene wogulitsayo sanakuuzeni ndi chakuti mutu umenewo sutchula chitsamba ndi chimodzi chomwe. Umayamba ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu akale ankafika zaka 100 ali amphamvu pomwe a masiku ano amafooka ali ndi zaka 50, ndipo yankho lake ndi lakuti akalewo ankadya ndi kumwa mosapitirira muyezo, ankagona ndi kudzuka pa nthawi yake, sankadzitopetsa pachabe, ndiponso ankasunga mtima wodekha. Mutu wotsatira umafanizira kupereka mankhwala matenda atakhazikika kale ndi kukumba chitsime ludzu litafika. Sun Simiao, sing'anga wotchuka wa m'nthawi ya ufumu wa Tang yemwe anamwalira m'chaka cha 682, analangizanso kuti wodwala ayambe wathandizidwa ndi chakudya, ndipo mankhwala abwere pokhapokha chakudya chikalephera. Choncho ine ndimaona zigawo za zaka zimenezi ngati chikumbutso choti thupi limasintha ndipo makhalidwe ayenera kusintha nalo: mwana asadyetsedwe mopyola, wachinyamata asamalize mphamvu ndi mowa komanso kuchezera usiku, wa msinkhu wanu asamale tulo ndi mtima, ndipo nkhalamba idye zofewa, zofunda ndi zosavuta kugaya.

Nabanda wayankha:

Ine ndimagwira ntchito yopereka mankhwala kuchipatala, ndipo ndikukupemphani mayi kuti makapisoziwo musawamwe. He shou wu ndi muzu wodziwika bwino kuti umawononga chiwindi mwa anthu ena, ndipo akuluakulu oona za mankhwala ku Britain, ku Australia ngakhale ku China komweko anachenjezapo za vuto limeneli. Munthu amayamba kutopa, mkodzo umada, maso amasanduka achikasu, ndipo ena afikapo pofunika kuwaikira chiwindi china. Imvi sizipweteka, tsono sindikuona chifukwa choikira chiwindi pachiswe.

Tiyi wa bambo ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Mankhwala ambiri osakaniza a ku China amakhala ndi muzu wotsekemera wotchedwa gan cao, umene ukamwedwa kwa nthawi yaitali umasunga mchere ndi madzi m'thupi, umakweza BP ndipo umatsitsa potaziyamu mpaka mtima kuyamba kugunda mosalongosoka. Mizu ina monga dan shen ndi dang gui imawonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, mwakuti wowamwa akhoza kutaya magazi osaleka. Palinso vuto lakuti chimene chalembedwa pabotolo sichikhala nthawi zonse chimene chili m'kati. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels m'dziko la Belgium, chipatala china chothandiza anthu kuchepetsa thupi chinapereka mankhwala momwe muzu wa Aristolochia fangchi unalowa m'malo mwa Stephania tetrandra, popeza maina awo a Chitchaina amafanana. Amayi oposa 100 anawonongeka impso, ambiri mpaka kufunika makina osefera magazi, ndipo ena anadwala khansa ya njira ya mkodzo. Impso ndi chiwindi cha munthu wa zaka 73 sizichotsanso poizoni msanga ngati za mnyamata.

Gogo Mwale ayankha:

Mwana wanga Naphiri, ngati mukufuna kutengapo kanthu ku China kothandiza bambo anu, tengani masewera olimbitsa thupi. Anthu a kumeneko ali ndi tai chi, ali ndi baduanjin ya mayendedwe 8 osavuta, komanso masewera otsanzira nyama zisanu omwe amati anayambitsa ndi sing'anga Hua Tuo cha m'ma 200. Tai chi ya mayendedwe 24 inakonzedwa m'chaka cha 1956 kuti anthu wamba aziiphunzira mosavuta, ndipo ndi imene okalamba ambiri amachita m'mapaki m'mawa. Chimene chimagwetsa ife okalamba pamphasa kawirikawiri ndi kugwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kafukufuku wa ku Oregon m'dziko la America, wofalitsidwa m'chaka cha 2018, anatsata anthu 670 a zaka 70 kupita m'tsogolo omwe anali pachiopsezo chogwa, ndipo anapeza kuti kugwa kunachepa ndi 58 peresenti mwa ochita tai chi kawiri pa sabata poyerekeza ndi ongodziwongola. Chifukwa chake n'chomveka, pakuti munthu amaphunzira kusamutsa kulemera kwa thupi kuchoka mwendo wina kupita wina mosapupuluma, mawondo atapindika pang'ono. Inenso ndimachita, ndipo poyamba ndinkagwirira mpando.

Mbewe wayankhanso:

Ndikugwirizana ndi chenjezo la Mayi Nabanda, koma tisafike ponyoza zitsamba zonse za ku China. LA amene timamwa tikadwala malungo kuno ku Malawi ali ndi artemether, wochokera ku artemisinin amene Tu Youyou ndi anzake anamupeza m'chitsamba cha qinghao m'zaka za m'ma 1970 atawerenga zolemba za sing'anga Ge Hong za m'ma 300, ndipo mayiyu analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2015.

Nabanda wayankhanso:

Zimenezo n'zoona, Bambo Mbewe, koma LA anayesedwa pa odwala ambirimbiri, muyezo wake umadziwika malinga ndi kulemera kwa munthu, ndipo amamwedwa masiku atatu okha pa matenda otsimikizika, pomwe tiyi uyu akufuna kuti nkhalamba izimwa miyezi ndi miyezi popanda wodziwa za m'kati mwake. Mayi Naphiri, ngati bambo ayamba kale kumwa, asiye ndipo mupite nawo kuchipatala pamodzi ndi paketiyo, akawayeze BP, ndipo ngati n'kotheka potaziyamu ndi kagwiridwe ntchito ka impso. Inuyo pa zaka 46 muyezetse shuga, BP ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ngati msambo wayamba kusinthasintha kapena mukutentha thupi usiku, mukawauze anamwino pa ulendo womwewo.