Ndilandire mpando wapadera wa olumala kapena ndikapikisane pa chisankho chachipulula?

Membala wosafuna kutchulidwa dzina:

Abale anga a pa gulu lino, ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu amene munakhalapo m'ndale kapena m'mabungwe a anthu olumala. Ndine mayi wosaona. Ndakhala m'chipani changa nthawi yaitali, kuyambira ku nthambi, ndipo ndinanena kale poyera kuti ndidzaima pa chisankho chachipulula chosankha woimira chipani pa mpando wa uphungu wa kudera kwathu. Tsopano akuluakulu andiitana n'kundiuza kuti pa mndandanda wa aphungu ochita kusankhidwa ndi chipani pali malo amodzi a munthu wolumala, ndipo akufuna dzina langa. Koma akuti ndikavomera, za kudera ndiziiwale.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti ondiika pa mpandowo ndi komiti ya anthu ochepa, ndipo mwa iwo mulibe wolumala ndi mmodzi yemwe. Ondichotsa adzakhalanso omwewo. Nanga tsiku lomwe chipani chidzalamule kuti tonse tivomereze bajeti yopanda ndalama za mabuku a Braille (zilembo zomwe osaona amawerenga ndi zala) m'sukulu, yopanda malipiro a omasulira chinenero cha manja m'zipatala, ine ndidzatani? Ndikakana, mpando wapita. Ndikavomera, anzanga osamva adzati ndinapita kukadya m'dzina lawo, ndipo adzakhala akunena zoona.

Kudera nakonso sikophweka. Kampeni imafuna ndalama zomwe ndilibe, ulendo uliwonse ndimalipira wa anthu awiri chifukwa ndimayenda ndi wondiperekeza, ndipo ndamva kale anthu akufunsa kuti wosaona adzawerenga bwanji malamulo. Ndikhoza kutaya zonse ziwiri. Inu mukanatani?

Gogo wa ku nthambi:

Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Landira mpandowo. Ine ndaona amayi ambiri olimba mtima akuthera ndalama pa chipulula, mayina n'kusinthidwa usiku. Lowa kaye m'nyumbamo, zina uziona uli mkati.

Mphunzitsi wa mbiri:

Amayi, funso lanu ndi lakale ndipo linavutitsapo anthu akuluakulu. Ku India mu 1932, B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa a Dalit, anthu omwe ankasalidwa ngati osayenera kukhudzidwa, ankafuna kuti iwo azisankha okha aphungu awo pa kaundula wawowawo. Gandhi anakana mpaka kuyamba kusala kudya ali m'ndende. Mapeto ake, pa mgwirizano wa ku Poona, anamvana kuti mipando yapadera ikhalepo koma povota avote onse a m'deralo. Mpaka lero ndi mmene zilili: pa mipando 543 ya Lok Sabha, Nyumba ya Malamulo yosankhidwa ndi anthu ku India, 84 ndi ya a Dalit ndipo 47 ndi ya a Adivasi, mitundu ya anthu oyamba kukhala m'dzikomo. Ambedkar anasaina, koma pambuyo pake anadandaula kwambiri kuti njirayi imapambanitsa munthu amene ambiri ndi zipani zikuluzikulu akumufuna, yemwe nthawi zambiri amakhala wofatsa, wosavutitsa.

Ndiye nkhawa yanu si ya mantha chabe ayi. Phungu amamvera amene ali ndi mphamvu yomuchotsa. Musanayankhe akuluakuluwo, funsani kuti dzina la pa mndandandawo limasankhidwa bwanji, ndipo ngati mabungwe a olumala ali ndi mawu alionse.

Yerekezani ndi Uganda. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1995 anapereka malo kwa olumala m'Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu asanu amenewo amasankhidwa ndi nthumwi za olumala eni ake. Ku New Zealand a Māori, anthu oyamba kukhala m'dzikomo, akhala ndi mipando yawo kuyambira 1867, poyamba inayi, pano isanu ndi iwiri, ndipo m'Māori aliyense amasankha yekha kaundula amene akufuna kulembetsamo. Mipando ya mtundu uwu ndi yosiyana kutali ndi yomwe akukupatsaniyo, ngakhale yonse imatchedwa yapadera.

Mnyamata wa pa njinga:

Achemwali, ine ndimayendera njinga ya olumala ndipo ndikulankhula ngati mmodzi wa anthu amene mukuopa kuwakhumudwitsa. Sitikufuna kuti mukhale wolungama kunja kwa mpanda. Kumalo komwe ndimakavotera kuli masitepe, amachita kundinyamula anthu, ndipo chaka chilichonse chachisankho timalemba makalata omwe sayankhidwa. Kalata ya phungu imayankhidwa. Mukakana, malowo sakhala opanda munthu, adzaikapo m'bale wa wina yemwe sanapondepo pa msonkhano wathu ndi tsiku limodzi lomwe.

Bambo wa maganizo ena:

Ine ndikuona kuti mipando yapaderayi ndi tsankho lomwelo. Demokalase ndi mpikisano. Aliyense akaime, anthu asankhe. Lero olumala, mawa achinyamata, mkuja mtundu uliwonse udzafuna wake, ndiye tidzalekezera pati?

Wophunzira zamalamulo:

Bambo, mpikisano womwe mukunenawo mayiwa auyamba atalipira kale kawiri ulendo uliwonse. Mapepala a chipani sawapeza mu Braille. Wosamva akapita ku msonkhano wa chipulula sapezako womasulira. Ndi chifukwa chake pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, lomwe linavomerezedwa mu 2006, silinalekere pa kuvota. Gawo 29 limanena za kuvota mwachinsinsi, kuthandizidwa ndi munthu amene wolumalayo wadzisankhira yekha, kuima pa chisankho, komanso kugwira ntchito ya udindowo moyenera atapatsidwa zipangizo zofunika. Gawo 5 limanenanso kuti njira zapadera zofulumizitsa kufanana kwenikweni sizitengedwa ngati tsankho.

Koma amayi, inenso ndili ndi chenjezo. Zolembedwa papepala zimatha kukhala papepala pomwepo. Malamulo a Kenya a mu 2010 amati amuna kapena akazi asapitirire magawo awiri mwa atatu m'mabungwe osankhidwa. Nyumba ya Malamulo inalephera kukonza lamulo lokwaniritsa zimenezi kwa zaka khumi, mpaka mu September 2020 mkulu wa oweruza David Maraga analangiza Pulezidenti Uhuru Kenyatta kuti aithetse. Sinathetsedwe. Ngati lonjezo la m'malamulo a dziko likhoza kuzengerezedwa chotero, lonjezo la pakamwa la komiti ya chipani musalidalire. Chilichonse akulonjezani, chilembedwe ndipo chisainidwe.

Membala wosafuna kutchulidwa dzina:

Zikomo nonse. Achimwene a pa njinga, mawu anu andilasa mtima. Komabe ndifunse: alipo amene anayamba ndi mpando wopatsidwa kenako n'kukapambana kudera? Chifukwa chomwe ndimaona ine n'chakuti ukangolowera khomo limenelo, anthu amakutcha "phungu wa olumala" moyo wako wonse, ndipo ukalankhula za misonkho kapena za ulimi amakuyang'ana ngati walowerera za eni.

Mayi amene anakhalapo khansala:

Mchemwali wanga, zimenezo n'zoona ndipo ine zinandichitikira. Ndinalowa pa malo a amayi, ndipo m'makomiti ankandikankhira ku za ana ndi za chisamaliro cha anthu, komiti ya zachuma ayi. Anzanga osankhidwa kudera anali ndi anthu owaimbira foni, maliro opitako, chitukuko choloza ndi chala. Ine ndinalibe dera. Nthawi yanga itatha ndinalibe poyambira, chifukwa amene ankandidziwa anali a muofesi okhaokha.

Sindikunena kuti mukane. Ndikunena kuti mawu akuti "za kudera muziiwale" ndi amene muyenera kulimbana nawo. Afunseni: ndiziiwale pa chisankho chino chokha, kapena mpaka kale? Ndipo n'chifukwa chiyani akufulumira kukuchotsani kumeneko? Nthawi zina munthu amapatsidwa mpando wapadera chifukwa wina wamphamvu waona kuti pa chipulula mukhoza kumugwetsa. Fufuzani mwakachetechete kuti nthumwi zodzavota pa chipulula zomwe zili kumbali yanu n'zingati. Mwina ndinu wamphamvu kuposa mmene mukudzionera, ndipo ngati zili choncho mukhoza kukambirana nawo mutaimirira, osati mutagwada.

Mphunzitsi wa mbiri:

Pa funso lanu lachiwiri, amayi, chomwe chimaoneka kawirikawiri n'chakuti khomo lotsegulidwa ndi mmodzi amadzalowerapo wina. Ku Tanzania, nthawi yomwe anthu achialubino ankaphedwa kwambiri, Pulezidenti Jakaya Kikwete anasankha Al-Shaymaa Kwegyir kukhala phungu mu 2008. Mu 2010 Salum Khalfan Barwany, yemwenso ndi wachialubino, anapambana pa voti ya anthu onse ku Lindi, akuimira chipani chotsutsa. Sindinganene kuti choyambacho ndicho chinabala chachiwiricho, koma anthu anali atayamba kuona munthu wachialubino akulankhula m'Nyumba ya Malamulo.

Ku Rwanda malamulo a mu 2003 anasungira amayi mipando 24 mwa 80, koma pofika 2008 amayi anali opitirira theka la nyumbayo, kutanthauza kuti ambiri analowa kudzera pa mindandanda wamba ya zipani. Inde, ena adzati ku Rwanda otsutsa boma alibe mpata wokwanira ndipo kuchuluka kwa amayi sikunasinthe zimenezo. Akunena zoona. Kuchuluka pa mipando ndi ufulu wotsutsa ndi nkhani ziwiri, ndipo inu mukufuna zonse.

Bambo wa maganizo ena:

Chabwino, za Braille ndi omasulira ndamva. Koma bwanji osangokonza zimenezo, kuchotsera olumala ndalama zolembetsera, kuwapatsa thandizo la kampeni, m'malo mogawa mipando?

Mnyamata wa pa njinga:

Bambo, adzakonze ndani? Amene ali m'nyumbamo panopa akhala ndi mpata wonsewo ndipo masitepe akadalipo.

Wophunzira zamalamulo:

Amayi, mukasankha kulandira, pemphani izi polemba. Dzina lanu livomerezedwe pa msonkhano wa mabungwe a olumala, osati ndi komiti yokha, kuti tsiku lokuchotsani adzadziwe kuti akulimbana ndi gulu. Chipani chivomereze kuti pa nkhani zokhudza olumala mudzavota monga mwa chikumbumtima chanu popanda chilango. Ufulu wanu wodzaima kudera pa chisankho chotsatira ulembedwe momveka. Onaninso malamulo a dziko lanu pa za phungu amene wachotsedwa m'chipani, chifukwa m'maiko ambiri wa pa mndandanda amataya mpando nthawi yomweyo. Ndipo musaiwale wokuwerengerani ndi kompyuta yowerenga mokweza, zilipiridwe ndi Nyumba ya Malamulo, zisachoke pa malipiro anu.

Akakana zonsezi, mudzakhala mwadziwa chomwe amafuna kwa inu.

Membala wosafuna kutchulidwa dzina:

Ndayamba kale kuimbira nthumwi monga ananenera amayi a khansala aja, ndipo ndapempha kukumana ndi atsogoleri a bungwe la osamva ndi la achialubino ndisanabwerere kwa akuluakulu. Ngati alipo pano amene ali ndi lamulo la Uganda lofotokoza mmene nthumwi za olumala zimasankhidwira kuyambira kumudzi mpaka kumtunda, chonde anditumizire lolembedwa ndi zilembo zenizeni. Chithunzi cha pepala foni yanga siitha kundiwerengera.