N'chifukwa chiyani achinyamata sakhalitsa m'makampani opereka upangiri?

Nabanda: Akuluakulu, n'chifukwa chiyani achinyamata olembedwa ntchito m'makampani opereka upangiri, monga Deloitte kapena KPMG, amasiya asanapite patali?

Phiri: Mayi, ambiri amalowamo pofuna kukwanitsa miyezi 36 ya ntchito imene bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ACCA limafuna munthu asanakhale membala, ndipo akangoikwanitsa, mabanki ndi makampani ena amawakopa ndi malipiro okwera.

Nangozo: Musaiwalenso kutopa, bambo. Nthawi yotseka mabuku a chaka, wachinyamata amaweruka usiku, nkhomaliro atadyera pa kompyuta, chonsecho ola lililonse ayenera kulilemba kuti kasitomala alipiritsidwe.

Mbewe: Ku McKinsey, kampani inanso yopereka upangiri, kuli ndondomeko yodziwika yoti wosakwezedwa pa nthawi yake achoke. Mipando ya pamwamba ndi yochepa, choncho eni kampani amadziwiratu polemba achinyamata kuti ambiri mwa iwo adzapita.