Masiku a pa pasipoti atsala 9, tulo sitikubwera

Mnyamata wa ku Mtenguleni, 02:14
Pepani akuluakulu a pagulu lathu la a ku Zambia okhala kuno ku South Africa polemba usiku chonchi. Ndagubuduka pa matilesi mpaka nthiti zikuwawa. Masiku a pa pasipoti oti ndikhale kuno atsala 9. Pa saiti pomwe ndimakanya simenti atiuza Lachisanu kuti ntchito yatha, koma za masabata atatu sanatipatse, akuti tidikire. Kumudzi mkazi wanga akufunsa K400 yolipira ku FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, mitambo yayamba kale kuda. Ndikabwerera chimanjamanja, ndikawauza chiyani apongozi? Ndikati ndikhale, mantha. Ndikupemphera, koma mtima sukukhala pansi.

Amayi a ku Katete, 02:29
Mwana wanga, ndili maso, ndikudikira agogo amene ndimasamala kuti amwe mankhwala a 3 koloko. Dzuka pa matilesipo, imwa madzi, utsegule Mateyu 6 kuyambira ndime 25. Uwerenge mokweza, ngakhale chonong'ona.

Ine 2024 ndinkalira m'bafa ya eni nyumba, madzi ndikuwatsegula kuti asandimve. Mwana ananditumizira chithunzi cha munda wathu, chimanga chitafota chisanabereke, masamba atapotana ngati fodya. A Pulezidenti Hichilema atalengeza mu February kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ine ndinali nditaonda kale ndi maganizo. Chomwe chinandidzutsa ndi mawu aja akuti tsiku lililonse lili ndi zovuta zake zolikwanira. Ndinaona kuti ndikusenza njala ya miyezi 12 pa mutu umodzi, usiku umodzi. Kuyambira pamenepo nkhawa ndimazipeta ngati mphale pa lichero. Zomwe manja anga angagwire kukacha ndimasunga. Mvula, mtengo wa randi, pakamwa pa anthu, zimenezo ndimazitchula dzina limodzilimodzi pamaso pa Mulungu n'kuzisiya pomwepo. Usiku wina zimabweranso, ndimazitchulanso. Gona tsopano, amalume ako akadzuka akuuza za boda.

Amalume a ku Chadiza, 05:40
Mphwanga, ndaona uthenga ndili pa mzere wa magalimoto. Zaka zonsezi ndikudutsa maboda, ndiye mvera. Usapitirire masiku ako. Kuyambira 2014 kuno salipitsanso faindi potuluka, amakuletsa kulowa. Ukapitirira osaposa masiku 30, chaka chimodzi. Ukaposa 30, zaka 5. Masabata atatu a malipiro sangafanane ndi zaka 5. Tikiti gula sabata ino, usadikire tsiku lomaliza, chifukwa basi ikafa panjira kapena mzere ukatalika pa Beitbridge, tsiku limodzi lomwelo likugwetsa. Siya masiku awiri kapena atatu apadera. Njira ndi ziwiri, ya Beitbridge, Harare, Chirundu, kapena ya ku Botswana yodzera pa mlatho wa Kazungula. Funsa basi imene ukukwera ikudzera kuti. Ukafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka usawononge ndalama zonse, Chipata ikadali patali, makilomita oposa 500.

Pasipoti uijambule tsamba la nkhope ndi la chidindo, zithunzi utumizire mkazi wako. Ikasowa, ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria zimathandiza kuyamba nazo.

Achimwene a ku Navutika, 06:05
Ine ndinene zoona, pemphero silidinda pasipoti. Pali munthu amatenga mapasipoti n'kupita nawo ku boda, amabwera atadinda. Anthu ambiri akukhala choncho. Mnyamatayu akapita kumudzi akadya chiyani?

Amalume a ku Chadiza, 06:11
Achimwene, zimenezo ayi, pagulu pano musaziikenso. Chidindo chikhoza kuoneka bwino pa pepala, koma mu kompyuta ya pa boda mulibe kuti munthuyo anatuluka n'kulowanso. Ndinaona ndi maso anga mnyamata akutsitsidwa ndi chikwama chake, basi n'kumusiya. Kuchokera pa mlandu wa masiku, unasanduka mlandu wa chinyengo. Ndipo pasipoti yako ikakhala m'thumba la munthu wina kwa sabata, iwe ndiwe ndani pa msewu?

Mlongo wa ku Kapata, 06:48
Achimwene a ku Mtenguleni, ndalama zanuzo musazitaye. Lero lomwe lembani m'kabuku masiku onse amene munagwira, ola loyamba ndi lowerukira, ndi ndalama imene munapangana. Mauthenga onse a foromani pa WhatsApp musafufute. Pitani kwa bwanayo muli atatu kapena anayi, osati nokha, mulankhule mwaulemu, mumupemphe atchule tsiku ndipo alembe. Akazemba, kuli CCMA, bungwe lomva madandaulo a pa ntchito. Salipitsa, simufunika loya, ndipo amamva dandaulo ngakhale la mlendo. Nkhani ya kuchotsedwa ntchito imafuna kukafika pasanathe masiku 30. Ine mayi wina amene ndinkamuchapira anandimana za mwezi wathunthu, atangoona fomu yodzaza analipira tisanakakhale pansi n'komwe. Komanso dziwani mtengo wanu: mu Marichi 2025 boma la kuno linaika R28.79 pa ola ngati malipiro otsikitsitsa, wa m'nyumba ndi wa pa famu chimodzimodzi. Chaka chilichonse amaunikanso, muzifunsa.

Koma amalume anena zoona, musadikire ndalamazo mpaka masiku kutha. Siyani nambala kwa anzanu a pa saitipo.

Akulu a mpingo a ku Madzimoyo, 07:30
Mwadzuka bwanji nonse. Achimwene a ku Navutika, funso lanu lakuti akadya chiyani ndi lenileni, sindikulinyoza. Ndi zoona pemphero silidinda pasipoti. Koma ine ndaona chimene mantha amachita kwa munthu kuno. Wamantha ndi amene amapereka pasipoti kwa munthu wosamudziwa. Wamantha ndi amene amatenga randi yake yomaliza kukagula kabotolo ka mafuta kwa mneneri amene walonjeza pemiti m'masiku 7. Wamantha amasiya kuyankha foni ya mkazi wake chifukwa cha manyazi, miyezi n'kusanduka zaka, kumudzi n'kumayesa anamwalira. Chikhulupiriro chimakhazika mtima pansi kuti mutu uyambe kugwira ntchito.

Mwana wanga wa ku Mtenguleni, Yesu anati yang'anani mbalame, koma mpheta uja sakhala pa nthambi kudikira kuti mapira agwere m'kamwa. Kukacha amauluka. Chimene alibe ndi kugona akuwerenga nkhokwe za chaka cha mawa. Yosefe nayenso anali mlendo ku Aigupto, anagulitsidwa, anamangidwa popanda mlandu, ndipo Mulungu atamuonetsa za njala sanakhale pansi kulira, anasonkhanitsa tirigu zaka 7. Kukonzekera si kusakhulupirira. Ndinenenso chimodzi chimene sitikonda kumva: chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito, n'chifukwa chake mabwana ena amatidyera masuku pamutu. Ukafika kumudzi, funsa modekha njira ya mapepala oyenera usanaganize zobwerera.

Za apongozi usaope. Munthu wobwera ndi miyendo yake ndi pasipoti yoyera sanagonje.

Amayi a ku Katete, 08:02
Muimbire mkazi wako lero, umuuze zonse monga zilili, usakongoletse. Ife akazi chimatipweteka ndi kusadziwa. Mupangane ola limodzi loti muzipemphera nonse, iwe kuno iye uko. Ine ndi ana anga ndi 9 koloko usiku, ndipo Lachinayi amayi a Chigwirizano kwathu amanditchula. Ukadziwa kuti pa ola lakutilo wina wagwada chifukwa cha iwe, chipinda sichikhalanso chachikulu.

Mlongo wa ku Kapata, 08:15
Za K400 ija, mwezi uno chilimba ndi changa. Ndikhoza kumubwereka, adzabweze akalandira zake kapena akakolola, popanda chiwongoladzanja. Nditumiza pa Mukuru. Achimwene, ndipatseni kumbali nambala ya alamu ya Airtel Money kapena MTN, ikhale yolembetsedwa m'dzina lawo lomwe lili pa chitupa chawo cha NRC, isakhale ya neba. Ndipo muwauze kuti PIN asapatse munthu aliyense woimba foni, ngakhale anene kuti ndi wa ku ofesi.

Achimwene a ku Navutika, 08:26
Chabwino, ndamva. Ndinalankhula chifukwa inenso masiku anga anapitirira kalekale, ndipo amayi anga akudwala ku Chipata. Ndikatuluka sindibwerera msanga, ndikakhala mwina sindiwaonanso. Ili ndi limene limandidzutsa usiku. Pa tikiti ya mnyamatayu ndiikapo R150.

Akulu a mpingo a ku Madzimoyo, 08:33
Mwachita bwino kunena, achimwene. Mwasenza nokha nthawi yaitali. Chiletso chija chili ndi njira yochitira apilo ku Home Affairs, ofesi ya boma la kuno yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo kalata ya dokotala wa amayi imatha kuikidwapo. Sindikulonjezani kuti adzavomera. Ndikuimbirani pa nthawi ya nkhomaliro tikambirane awiri, kenako tipemphere.

Amalume a ku Chadiza, 08:40
Ine R200. Mphwanga, katundu usachulutse, bulangete la apongozi ndi nsapato za mwana zakwana.

Mnyamata wa ku Mtenguleni, 12:52
Zikomo makolo anga, ndasowa mawu. Nditawerenga Mateyu uja ndinagona mpaka 6. Mkazi wanga ndamuimbira, analira pang'ono, kenako akuti mizere wayamba kale kuunga ndi mng'ono wanga, ndingobwera tidzabzale limodzi. Tapita kwa bwana tili anayi, walemba pa pepala kuti Lachitatu atipatsa theka. Kabuku ka masiku ndalemba, ndajambula. Mawa m'mawa ndipita ku siteshoni ya Park Station kukafunsa basi ya Loweruka. Amayi, ola lathu tapangana 8 koloko. Achimwene a ku Navutika, ngati muli ndi kanthu ka amayi mundipatse, ndikakafika ku Chipata ndiyamba kwanu ndisanapite ku Mtenguleni.