Kodi mawu oti "timu" poyamba ankanena ng'ombe?

Wofunsa:
Akuluakulu, tandithandizani. Kuntchito kwathu abwana sangamalize kulankhula osatchula timu. "Tonse ndife timu imodzi," amatero, makamaka tsiku limene akufuna tiweruke mdima utagwa popanda kangachepe ka ovataimu. Dzulo pa nkhomaliro mnzanga wina anati mawu amenewa Azungu akale ankatchulira ng'ombe zokoka ngolo, osati anthu. Tinaseka mpaka wina anatsamwa ndi nsima. Koma ine zandikhalabe m'mutu. Ndi zoona, kapena amangotiseketsa? Ine ndimadziwa timu ya Flames, ya Bullets ndi ya Wanderers basi.

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Mnzanuyo sananame, achimwene. Mu Chingerezi chakale, chija ankalankhula ku England asanalande dzikolo anthu a ku Normandy mu 1066, mawu oti "team" analipo kale, ndipo ankanena ziweto zomangidwa pamodzi kuti zikoke pulawo kapena ngolo. Muzu wake ndi kukoka. Amachokera kumodzi ndi "tow" ndi "tug", amenenso amanena kukoka. Achibale ake akunja akuikira umboni: mu Chijeremani "Zaum" ndi zingwe zomangira kukamwa kwa hatchi pomuwongolera, mu Chidatchi ndi "toom". Anthu ogwirira ntchito pamodzi anayamba kutchedwa choncho m'zaka za m'ma 1500. Zamasewero zinabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1800, kuyambira ku cricket.

Chimene chimandikomera ine ndi tanthauzo lina lija linafa. "Team" yomweyo inkanenanso ana obadwa kwa kholo limodzi, mbumba, mzere wa banja. Anapiye a bakha otsatana pambuyo pa make ankatchedwanso motero. Poyamba ndinkadabwa kuti mbumba ndi ng'ombe zapagoli zikumana pati, koma taganizani: zonse ndi zinthu zandondomeko, chimodzi chikukoka chinzake pambuyo. Mawu oti "teem", amene lero amanena kuchuluka ngati nyerere, poyamba ankanena kubereka, ndipo ndi a banja lomweli.

Mayi wa ku Mchinji:
Aphunzitsi, mwandikumbutsa kwathu. Malume anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, ina yamphamvu, ina yaulesi. Mukazimanga pagoli yaulesiyo inkangotsamira, ndiye ngolo inkayenda chokhota mpaka gudumu kugwera mu ngalande, matumba a chimanga pansi. Chikwapu chinkagwera zonse ziwiri. Ndiye a Wofunsa, pitani mukafunse abwanawo kuti pa timu yanuyo iwo ali pagoli kapena akhala pamwamba pa matumba.

Wofunsa:
Mayi, mukufuna ndichotsedwe ntchito inu!

Wokhala ku Johannesburg:
Kuno kuli zofanana. Mu Afrikaans mawu oti "span" amanena ng'ombe zomangidwa pamodzi, ndipo ndi omwewonso amatchulira timu ya rugby kapena ya mpira. Kumanga ng'ombe pangolo amati "inspan". M'makomboni anyamata akamati akufuna "ispani" ndiye kuti akusaka ntchito. Nditangofika ndinkaganiza kuti akunena sipanala.

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Zikomo, zimenezo zikugwirizana ndithu. Ku America nako woyendetsa ngolo ya mahatchi ankatchedwa "teamster". Mahatchi anatha, kunabwera malole, koma dzina linatsala. Bungwe lalikulu la apantchito la International Brotherhood of Teamsters, lomwe linayamba mu 1903, mpaka lero chizindikiro chake chili ndi mitu iwiri ya mahatchi.

Ndiwonjezepo chimodzi cha m'mabwalo a milandu. M'malamulo akale a ku England munali mawu oti "toll and team", mphamvu zimene mfumu inkapereka kwa eni malo. Pamenepo "team" inali ya milandu ya katundu wobedwa, kawirikawiri ziweto. Munthu akapezeka ndi ng'ombe imene wina akuti ndi yake, ankayenera kuloza amene anamugulitsa, nayenso aloze wake, mpaka mzere ukafike pa wakuba. Ndi kukoka komwe kuja, kukoka chingwe mpaka uone kumene chathera.

Mkulu wina:
Zonsezo ndamva, koma ine vuto langa ndi lina. Bwanji tikuthamangira timu ngati ife tinalibe mawu? Kumudzi tinali ndi dima. Mwini munda afulula mowa kapena thobwa, aphika nsima ndi nkhuku, anthu abwera ndi makasu awo, pofika masana munda watha. Sabata yamawa tonse kwa wina. Mwini munda naye ankagwira khasu, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lidzafika. Pa dima panalibe wachikwapu.

Mayi wa ku Mchinji:
Wachikwapu panalibe, bambo, koma aulesi analipo. Ena ankafika mizere itatsala iwiri, ali ndi chikho chawo kale m'manja.

Wofunsa:
Ndathokoza nonse. Lolemba tili ndi msonkhano wa 7 koloko m'mawa, ndipo ndikudziwa kale mawu oyamba amene abwana adzatsegulire. Ndikhala kumbuyo, chifukwa mnzanga uja walonjeza kuti akangoti "timu" iye alira ngati ng'ombe.